Za Ana Aang'ono Ochedwa Kulankhula

Mau a mwezi uno: Marko 7:31-37

Inu amene muwerenga nokha kalata iyi, ndi inu amene ana anu akuwerengerani pakhonde madzulo, tikupemphani muyambe mwatsegula Buku Lopatulika pa Marko mutu 7, ndi kuwerenga kuyambira ndime 31 kufikira potsiriza mutuwo. Pakuti zonse tifuna kunena mwezi uno zitsamira pa mau amenewo.

Marko atiuza kuti masiku amenewo Ambuye Yesu adali m'dziko la Dekapoli, ndiko kunena Midzi Khumi, kumene kudali akunja ambiri. Kumeneko anthu ena adamtengera munthu wa makutu otsekeka, amene lilime lachenso silidatha kutchula mau bwino. Tiyambe taima pomwepa. Munthu ameneyu sadadza yekha ai. Mbiri ya Yesu idali itawanda m'midzi monse, koma mbiri ilowera m'khutu, ndipo khomo limenelo kwa iye lidali lotseka. Anzache pamsika adali kusimba za akhate okonzedwa ndi opuwala oyenda, iye nangoona milomo irikugwedezeka. Ndipo angakhale akadadziwa, akadapempha ndi chiani? Bartimeyu wakhungu adapfuula m'mbali mwa njira ya ku Yeriko kufikira Ambuye adaima. Koma uyu adalibe mau opfuulira. Kumasuka kwa lilime lache kudayambira m'miyendo ya anzache. Maina ao Marko sadalemba, koma akadakhala pansi anthu amenewo, nkhani iyi sikadakhalamo m'Buku.

Tsono mwana wamng'ono wa zaka ziwiri kapena zitatu amene sanayambe kulankhula afanana ndi munthu uja, ndipo kusowa kwache kuposa. Iye sadziwa kuti chiripo chimene chimsowa. Sangathe kunyamuka kunka kuchipatala, sangathe kukadandaula kwa mfumu kapena kwa akulu a mpingo. Akapanda kumnyamula amache ndi atate wache, adzakhala pomwepo. Ndipo ana otere tiri nao m'midzi mwathu, tiwadziwa ndi maina omwe: uja angoloza ndi chala akafuna madzi, uja akoka nsalu ya amache nadzigwetsa pansi ndi kulira, anthu namuyesa wamakani, uja anzache amthawa pa masanje chifukwa satha kumvana naye.

Tikafunsa, mayankho ache ndi omwe aja a masiku onse: "Mlekeni, adzalankhula yekha, atsibweni ache naonso adachedwa." "Ana aamuna ndi momwemo." Nzoona kuti ana ena achedwa pang'ono, nadzapeza anzao popanda thandizo. Koma ndani mwa ife angayang'ane mwana wa zaka ziwiri ndi kudziwa ngati ali mwa iwo odzapeza anzao, kapena mwa iwo amene khutu lao lirikuonongeka tsiku ndi tsiku? Agogo onena mauwa anena mwa chikondi, kuti mtima wa mwana wao ukhale pansi, ndipo sitiwadzudzula. Koma chitonthozo si mankhwala ai.

Alipo mayankho ena oipa koposa, onenedwa monong'ona. Ati adamlodza, ati atate wache adamkhwimira kuti malonda ayende, ati makolo sadasunga mwambo, ndiwo mdulo umenewo. Pa mau otere mabanja apasuka: mkamwini amanga akatundu ache usiku, nasiya mkazi wosalakwa ndi mwanayo, ndipo nkhalamba ina yosalakwa itchedwa mfiti. Akristu, kodi sitidawerenga Yohane mutu 9? Ophunzira ataona munthu wosapenya chibadwire adafuna kudziwa wochimwa ndani, iye kapena makolo ache. Ndipo Ambuye adakana zonse ziwiri, nautaya mlanduwo, nayamba ntchito.

Taonani tsopano dongosolo la ntchito yache ku Dekapoli. Adayamba ndi makutu, pambuyo pache lilime. Ife tikadayamba ndi lilime, pakuti ndipo tiona chilema. Ambiri, mwana akachedwa, amtsegula kukamwa kufuna kamnofu ka pansi pa lilime, ndipo ena afika pokakadulitsa ndi lumo kwa munthu wa m'mudzi. Musachite ichi, abale. Mwana angataye mwazi wambiri kapena kulowedwa matenda, ndipo mau sadzadza. Pakuti mau sakhala pansi pa lilime. Kamnofuko kakafupikitsa kangabvute mwana pakuyamwa, ndipo za ichi aweruze ndi dotolo. Koma sikaletsa mwana kudziwa mau. Mau alowa ndi khutu, nasungidwa m'mutu, ndipo atachuluka m'menemo ndi pamene atulukira pakamwa. Nkhokwe imene simudathiramo chimanga simungatapemo.

Mlengi adaikira mau a mwana nyengo zache, monga chimanga chiri ndi nyengo yomera, yotulutsa ngayaye, ndi yobereka. Khanda la masiku ochepa lidzidzimuka chitseko chikamenyetseka. Pofika miyezi 6 mwana acheukira kumene kuchokera mau, ndipo kuyambira pamenepo ayamba kubwereza timau topanda tanthauzo, ba-ba, ma-ma, ta-ta. Pokwanitsa chaka adziwa dzina lache, aloza ndi chala chimene afuna kukuonetsani, ndipo ambiri atchula liu limodzi kapena awiri. Pa zaka 2 alumikiza mau awiri, monga "amama madzi", namva mukamtuma kukatenga chikho osamlozera. Pa zaka 3 anena ziganizo zazifupi. Pa zaka 4 ndi mlendo yemwe amva zonena zache. Nyengo izi si lamulo la Amedi ndi Aperisi: wina atsogola pang'ono, wina atsalira pang'ono. Koma mwana wa chaka ndi theka wopanda liu ndi limodzi lomwe, mwana wa zaka 2 wosalumikiza mau, makamaka mwana amene adali ndi mau nawataya, ameneyo usapite mwezi wina asanaonedwe.

Chimene chinyenga makolo ndi ichi: mwana wogontha alira, aseka, natulutsa timau m'miyezi yoyamba monga anzache, ndipo maso ache achenjera kopambana. Aona amache atenga ndowa, iye watsogola kale njira ya kuchitsime, anthu nati, "Akumva uyu, ngwamwano chabe." Muyeseni muli kumbuyo kwache, chithunzithunzi chanu chisamgwere, ndipo musaponde mwamphamvu, pakuti kugwedezeka kwa pansi akumva ndi thupi. Mtchuleni dzina ndi mau apansi, mbali iyi ndi mbali inayo. Akapanda kucheuka, mwadzionera nokha. Akacheuka, musati nkhani yatha. Pakuti kuli kugontha kwa pang'ono, kumene mwana amva ng'oma ikalira koma sasiyanitsa mphasa ndi mphaka. Ndiponso nthawi zina pambuyo pa chimfine madzi adzaza m'kati mwa khutu, osawawa, osatuluka, mwana namamva monga munthu womira m'dziwe.

Zotseka makutu a ana kwathu kuno tizidziwa: malungo aakulu ogwira ubongo, nthenda youmitsa khosi, chikuku, matsagwidi, chikasu chachikulu cha khanda, kubanika pobadwa, ndi mafinya otuluka m'khutu miyezi ndi miyezi. Ena abadwa otero, popanda wolakwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, la WHO, lidalengeza m'chaka cha 2021 kuti ana 34 miliyoni adali ndi kugontha kofuna thandizo, ndi kuti pa ana ogontha 100 ali onse, pafupifupi 60 adagontha ndi zinthu zopeweka. Chotero katemera wa chikuku wa pa miyezi 9 ndi wa pa miyezi 15, kugona m'masikito, ndi kufulumira ndi mwana wotentha thupi, zonsezi zisunga moyo, zisunganso khutu. Za mafinya tinenetse, pakuti tawazolowera kotero kuti sitiwaonanso. Mwana ayenda ntchentche ziri pakhutu, ife nkumati adzaleka akakula. Mafinyawo atuluka chifukwa m'kati mwabooka. Musathiremo mafuta kapena madzi a masamba, musatokosemo ndi nthenga kapena kamtengo. Pukutani ndi kansalu koyera kopotedwa, ndi kunka naye kuchipatala sabata yomweyo.

Akulu adati mmera mpoyamba. Odziwa za ubongo apeza kuti zaka zitatu zoyamba ndizo nyengo imene mutu wa mwana ulandira chinenero mosabvuta, monga dothi lonyowa m'manja mwa woumba. Madotolo a ana a ku America adapangana kuti khanda liyesedwe makutu usanathe mwezi 1, kugontha kudziwike isanathe miyezi 3, ndi thandizo liyambe isanathe miyezi 6. Ambiri a ife sitingafike pamenepo. Tatchula kuti muone kufulumira kwache. Kwathu kawirikawiri mwana adziwika kuti samva atalowa kale sukulu, ali ndi zaka 6 kapena 7, atatchedwa mbuli chaka chathunthu. Sitinena kuti wa zaka 6 watayika, iai, athandizidwa ndithu. Koma dothi likayamba kuuma liumbika ndi thukuta lambiri.

Nanga tinke kuti? Khomo loyamba liri pafupi, ndipo amai alidziwa kale: ndilo sikelo ya ana. Koma kumeneko mzere ngwautali, alangizi a zaumoyo ngochepa, ndipo sikelo iyesa kulemera, siyesa mau. Mukapanda kunena inu, kapena palibe adzafunsa. Safunsa adadya phula. Nenani momveka, motere: "Mwana uyu ali ndi zaka 2 ndi miyezi 4, satchula liu liri lonse, tikamuitana kumbuyo sacheuka, adadwala malungo aakulu chaka chatha." Pemphani kuti zilembedwe m'buku lache la kuchipatala, ndi kuti aonedwe ndi dotolo wa pa chipatala chaching'ono. Iye akaona kuti nkofunika adzakulemberani kuti munke ku chipatala cha pa boma, ndipo a pa boma atumiza ku zipatala zazikulu zinai: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi za ku Zomba ndi ku Mzuzu. Chopempha chanu choyamba chikhale chakuti amuyese makutu. Ku Queen Elizabeth kuli nyumba ya ntchito imeneyi, ndipo ku Lilongwe kuli ina pa African Bible College; makina a masiku ano ayesa ngakhale khanda liri m'tulo, osalipweteka. M'zipatala za boma kuonedwa ndi dotolo nkwaulere; za mishoni ndi za eni zilipiritsa, tsono funsiranitu musananyamuke. Bukulo lisungeni pouma, pakuti ndilo pakamwa pa mwana wanu pamaso pa madotolo amene sadamuona ndi kale lonse.

Tisakunyengeni: njira iyi njotopetsa. Anthu ophunzira ntchito yothandiza kalankhulidwe ngochepa kwambiri m'dziko lathu, ndipo opezekawo ali m'mizinda. Mungayende tsiku lonse ndi kuuzidwa kuti mudzabwerenso mwezi wa mawa. Mungakumane ndi wina wotopa amene adzanena mau omwe aja a agogo, kuti adzalankhula yekha. Pamenepo kumbukirani mai wa pa mutu 7 womwewu, ndime 24 kufikira 30, mkazi wachikunja wa ku dziko la Turo, amene adapempherera mwana wache wamkazi nalandira yankho loyamba louma, koma sadachoka. Adayankha mwaulemu ndi mwanzeru, nabwerera kwao atalandira. Mwaulemu, amai, koma osachoka. M'chaka cha 2012 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loletsa kusala anthu olumala pa za chipatala ndi za maphunziro, ndipo lina lidalowa m'malo mwache mu 2024; chotero wofunsira mwana wache thandizo afunsa chimene chiri chache. Pa boma mufunsenso a mafizo, amene aphunzitsa ana opuwala kukhala ndi kuyenda; ena a iwo adziwako za pakamwa ndi za kumeza, nadziwa kumene angakulozereni.

Ndipo mukafika kwa wodziwa za kalankhulidwe musadzakhumudwe monga Namani. Kazembe uja wa ku Aramu adayembekeza kuti mneneri Elisa adzatuluka ndi kuchita chachikulu, ndipo atauzidwa kuti akangosamba m'Yordano adapsa mtima. Ambiri a ife tiyesa kuti thandizo ndi jekeseni kapena mapiritsi, ndipo tikabwera opanda botolo tiyesa ulendo wapita pachabe. Koma jekeseni wa mau kulibe. Wodziwayo adzakhala pamphasa ndi mwana, nadzasewera naye ndi mpira, chikho ndi zithunzi. Ndipo m'kusewera momwemo alikuyesa ngati mwana amva zonenedwa, ngati ayang'ana nkhope, ngati milomo ndi lilime ziyenda bwino, ngati bvuto liri pa mau pokha kapena pa kukula konse. Pakuti si onse ochedwa ali ogontha. Wina amva bwino koma mau sakhazikika m'mutu. Wina minofu ya pakamwa njofooka chifukwa ubongo udapwetekeka pobadwa. Wina adabadwa ndi mlomo kapena m'kamwa mong'ambika, chimene madotolo asoka. Wina sayang'ana anthu m'maso, saloza, asewera yekha, chimene achitcha otizimu. Ali yense ndi njira yache. Amene makutu ao akali ndi kumva pang'ono apatsidwa kamakina kobvala m'khutu kokuza mau. Ndipo wophunzitsidwa weniweni pa ulendowo ndinu amai ndi atate. Pakuti wodziwayo aona mwana ola limodzi, inu muli naye masiku onse.

Ntchito yotere si yachilendo mu mpingo wa Kristu. Bede, wolemba mbiri ya mpingo wa ku England, amene adatsiriza buku lache m'chaka cha 731, asimba za bishopu John wa ku Beverley, amene adamwalira mu 721. Pa nyengo ya kusala kudya Paskha asanafike, bishopuyo adapatukira pa malo a phee pafupi ndi mtsinje wa Tyne, naitanitsa wosauka mmodzi kuti akhale naye. Adamtengera mnyamata wosalankhula, wa nkhanambo m'mutu kotero kuti tsitsi silidamera bwino. Itapita sabata bishopu adamuitana, nalemba chizindikiro cha mtanda pa lilime lache, namuuza atchule liu limodzi lalifupi lotanthauza inde. Atatchula, adamtsogolera pa malemba, A, B, limodzilimodzi, atatha malemba, maphatikizo, atatha maphatikizo, mau, potsiriza ziganizo. Bede achiyesa chozizwa, ndipo ife sitikangana naye. Koma taonani makwerero amenewo, kuti munthu wa Mulungu sadalumpha ndi limodzi lomwe. Ndipo za m'mutu zija adaitanira sing'anga kuti azichize, iye nathandiza ndi mapemphero.

Ntchito yaikulu tsono ibwerera kunyumba, ndipo siyembekeza kalata ya dotolo, iyambe lero. Marko anena kuti Ambuye adamchotsa munthu uja pakati pa khamu nakhala naye pa yekha. Chitani chomwecho. Amai athu abereka ana kumbuyo tsiku lonse, ndipo nkwabwino. Koma kumbuyo mwana saona pakamwa. Tsiku liri lonse mtsitseni kanthawi, mumkhazike pamiyendo maso ndi maso, wailesi itatsekedwa. Tchulani chimene iye alikuyang'ana: akayang'ana nkhuku, nenani za nkhuku. Pomsambitsa mtchulireni mutu, mimba, mapazi. Posinja, mtondo, munsi, gaga. Mukanena khalani chete pang'ono, mumpatse mpata wache. Pakuti akulufe tifulumira, timyankhira mwana asanatsegule pakamwa. Akati "dzi" musamdzudzule, mbwezereni liu lonse mokondwa: "Eya, madzi, madzi ozizira." Musammane chinthu kufikira atachitchula, kumeneko nkumzunza; koma mfunseni, "Ufuna nthochi kapena mbatata?" muli kumuonetsa zonse ziwiri. Nthano za agogo zoyankhidwa ndi ana onse pamodzi, nyimbo za pamtondo, ndi zirapi za pamoto, ndizo sukulu imene tidali nayo kale, ndipo tirikuitaya. M'malo mwache taika lamya ya m'manja: mwana akalira timpatsa aone zithunzi kuti ife tipume. Lamya ilankhula, koma siyembekeza yankho, ndipo siona chimene mwana alikuyang'ana. A WHO omwe aja adalangiza mu 2019 kuti mwana wosafika zaka 2 asapatsidwe zoonera zotere, ndi kuti wa zaka 2 kufikira 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku.

Ngati m'mudzi mwanu muli sukulu ya mmera mpoyamba, mpititseni, muwauze alezi za iye. Musambise kuseri kwa nyumba chifukwa cha manyazi. Ndipo musaope kuti wasokonezeka chifukwa atate alankhula Chiyao kapena Chitumbuka, amai Chichewa. Zinenero ziwiri sizimanga lilime. Lankhulani naye chinenero chimene mtima wanu uyendamo bwino.

Kupatula kuja kutiphunzitsa chinanso. Ambuye sadamuimika munthuyo pamaso pa anthu kuti achite naye chionetsero, ndipo atamchiritsa adawaletsa kulengeza. Masiku ano kuli ena aimika ana osalankhula pa nsanja, nawapfuulira m'makutu ndi zokuzira mau, nauza makolo kuti muli chiwanda, nawagulitsa timabotolo ta mafuta. Ndipo mwana akapanda kulankhula ati chikhulupiriro cha amache nchochepa. Tidziwa kuti pa Marko 9 pali mnyamata amene mzimu woipa udamtseka pakamwa. Koma pa mutu 7 Marko yemweyo satchula chiwanda konse. Mlembiyo adadziwa kusiyanitsa, ifenso tisiyanitse. Mpempherereni mwana wanu m'mawa ndi madzulo, muitane ndi akulu a mpingo omwe. Koma wokuletsani kunka kuchipatala musammvere, angakhale atanyamula Buku.

Za chibwibwi tinene mwachidule. Chiyamba kawirikawiri pakati pa zaka 2 ndi 5, ndipo mwa ambiri chitha chokha. Chikapitirira miyezi 6, kapena mwana akayamba kuopa kulankhula, mukanene kuchipatala. Musammenye, musammalizire mau, ndipo abale ache omgeza muwaletse. Mose adadandaula za lilime lache lolemera, ndipo Mulungu sadamtaya, adampatsa Aroni. Mfumu George VI ya ku Britain, imene makolo athu adaimva dzina m'masiku a Nyasaland, idali ndi chibwibwi kuyambira ubwana. Mu 1926, isanalowe ufumu, idayamba kunka kwa Lionel Logue, munthu wa ku Australia wokhala ku London, nichita zimene adaiuza zaka zambiri, kufikira mu 1939 idalankhula pa wailesi kwa anthu ache onse tsiku limene dziko lache lidalowa nkhondo. Ngati mfumu idadzichepetsa kukhala wophunzira, ife tichitiranji manyazi?

Koma tinene chobvuta. Alipo ana amene, angakhale makolo achite zonse, sadzalankhula ndi pakamwa. Kodi Uthenga ulibe nao mau amenewo? Yang'ananinso manja a Ambuye. Asananene liu lija la Chiaramu lakuti Efata, ndiko kulamula chotseka kuti chitseguke, adagwira makutu a munthuyo ndi zala, nakhudza lilime lache, nakweza maso kumwamba. Adachitiranji zonsezi, Iye amene adachiritsa mnyamata wa kenturiyo ali kutali ndi liu lokha? Ife tiyesa kuti adali kulankhula naye m'chinenero chimene munthuyo akadamva: makutu awa, lilime ili, thandizo lichokera uko. Mwana wa Mulungu adalankhula ndi manja. Chotero chinenero cha manja asachinyoze munthu. Ndicho chinenero chathunthu, chokhala ndi malamulo ache, ndipo sichiletsa mwana kulankhula ndi pakamwa ngati angathe. Choononga kopambana ndicho kukula wopanda chinenero chiri chonse. Ife amene tiphunzitsa kalasi tidziwa kuwawa kwache: afika mnyamata wa zaka 15, wofatsa, wosaphonya Sabata, wofuna kubatizidwa pamodzi ndi anzache, ndipo palibe njira yomfotokozera za mtanda, kapena yomvera chimene chiri mumtima mwache, pakuti ali wamng'ono sadapatsidwa mau a pakamwa kapena a manja. Mulungu amdziwa, sitikayika. Koma ife tikhala naye pa benchi limodzi monga alendo.

Sukulu za ana ogontha ziripo, ndipo zambiri zidayambidwa ndi mipingo: Maryview ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay. Malo ngochepa, tsono yambani kufunsa kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi mwana asanafike msinkhu. Kulinso bungwe la ogontha eni ache, la MANAD, limene lilimbikira chinenero cha manja. Ndipo ngati m'dera lanu muli wogontha wamkulu wodziwa chinenerocho, ameneyo ndi mphunzitsi amene Mulungu waika pafupi. Mumuitane adzacheze kwanu, muphunzire nyumba yonse.

Chatsala ndi cha ife mpingo. Mai wa mwana wotere kawirikawiri ali yekha. Ndalama ya basi kunka ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndi kubwerako, kawiri kapena katatu, si yochepa pa nyumba yodalira khasu. Ndipo akachoka, ana enawo atsala ndi yani, munda apalira ndani? Mutu umodzi susenza denga. Tidziwa kusonkha pa maliro: ufa, nkhuni, ndalama ya bokosi, zonse zipezeka tsiku limodzi. Kodi wamoyo, amene lilime lache lingamasuke, sitingamsonkhere theka la zimenezo? Ndi inu atate, musati za sikelo nza akazi. Nkani naye pamodzi, mukamve nokha zonena dotolo, kuti pobwera musadzakangane ndi akazi anu pa zimene simudamva.

Tipempha akulu a mpingo kuti poyendera milaga yao mwezi uno, pamene afunsa za ubatizo wa ana ndi za olowa kalasi, afunsenso nyumba ndi nyumba ngati muli mwana wopitirira zaka 2 wosalumikiza mau, kapena wa khutu lotuluka mafinya. Afunse mofatsa ndi pambali, osati pagulu. Maina awapereke kwa atumiki makolo atabvomera, osawalengeza m'kachisi. Ndipo amai a Chigwirizano asankhe mmodzi wodziwa kulemba woti aperekeze mai ali yense tsiku la sikelo likudzali, atatenga buku la kuchipatala la mwanayo, ndi pepala lolembapo mau onse amene atchula, matenda amene adadwala, ndi mwezi umene adadwalira.